Batala Wowotcha pa Kaning'ina

"Mtsikana wa kunyanja ali ngati nsomba yaiwisi. Umaidyera pomwe waipezapo, ukatha n'kusamba m'manja. Sunganyamule kupita nayo kumudzi, imawola usanafike. Mkazi wa panyumba amachokera kwathu ku Dowa, wodziwa khasu ndi mtondo, osati wa nsapato za gogoda wolankhula Chingerezi pakati pa amuna."

Hilda Longwe anawerenga mawuwa katatu ataima pakhonde la nyumba ya msuweni wake ku Ching'ambo. Linali Loweruka la Pasaka, chaka cha 1958, ndipo mawawa a Mzuzu anali asanaleke chiyambire m'mawa. Pakona ya pepalalo panali dontho lalikulu la inki, koma zilembo zinkaoneka bwinobwino, zopendekera kumanja, za michira italiitali. Kwa chaka chathunthu zilembo zomwezo zinkamulembera kuti "Wokondedwa wanga Hilda". Anali malembedwe a Stafford Chikakuda, kalaliki wa ku boma, mwamuna amene Hilda anali atauza kale makolo ake ku Nkhata Bay kuti ndiye wake.

"Mwalitenga kuti pepalali?" anafunsa osadzutsa mutu.

Macpherson Nkhwazi anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. Iyeyu ankakhala nyumba imodzi ndi Stafford ku nyumba za makalaliki ku Katoto. Anali wa ku Chintheche, mnyamata wotchena, ndipo anafunsirapo Hilda kawiri. Kawiri konseko anakanidwa.

"Ndinalipeza pansi pa tebulo ndikusesa, NyaLongwe. Amalembera mlongo wake Edina. Masiku atatu ndakhala ndikulimbana ndi mtima wanga. Ndimati ndikhale chete, mnzanga ndi mnzanga. Koma inu ndinu wakwathu. Sakunyoza inu nokha. Akunyoza amayi anga, alongo anga, tonse a m'mphepete mwa nyanja."

Hilda sanalire. Anapinda pepalalo pawiri, n'kulipindanso, mpaka linakhala kanthu kakang'ono kokwana m'manja.

"I am very sorry, Miss Longwe," anatero Macpherson.

"Yewo, a Nkhwazi. Lolemba mukupita nawo ku phiri la Kaning'ina ndi kwaya?"

"Ngati inu mukupita."

"Mubwere. Ndipo muvale bwino."

*

Winifred, msuweni wake uja, anamupeza kukhitchini akusenda chinangwa. Ankasenda mwaukali moti theka la chinangwa chilichonse linkapita ndi makoko. Winifred anawerenga pepala lija, n'kukhala pampando pang'onopang'ono.

"Pita ukamufunse," anatero.

"Kuti andinamize? Kalaliki amadyera mawu, Winnie. Akangotsegula pakamwa ndiiwala zimene maso anga aona."

"Nanga amene wakubweretserayo umamukhulupirira? Macpherson amakufuna, Mzuzu yense akudziwa."

"Macpherson sanalembe zimenezi. Taona ka 'k' aka. Ndani wina amalemba 'k' wa mchira chonchi?" Hilda anaponya mpeni m'beseni. "Miyezi isanu ndi umodzi ndinakangana ndi Ada, bambo anga ondibereka, chifukwa cha munthu ameneyu. Ankandiuza kuti, 'Mwana wanga, anthu a kumwera timangogwira nawo ntchito, sitikwatirana nawo.' Ine ndinalira, ndinasala kudya, mpaka anavomera kudzamuona. Lolemba akubwera ndi lole ya m'mamawa atanyamula dengu la nsomba za batala, nkhalamba yonse ija, kuti adzadyetse mkamwini. Mkamwini wake ndi ameneyu, wonditcha nsomba yowola!"

"Ndiye ukufuna kutani?"

"Ku phiri kukupita kwaya yonse. Aphunzitsi anzanga, anamwino, makalaliki a ku ofesi kwake. Anthu makumi atatu. Iye wandinyoza papepala, mobisa. Ine ndikamunyoza pamwamba pa Kaning'ina, dzuwa likuswa mtengo."

"Hilda, mkwiyo ndi mlendo, umabwera n'kupita. Zimene ukalankhule kumeneko sizidzapita."

"Ndi zimene ndikufunazo."

Anasamba m'manja, anatenga pepala lake labuluu limene ankasungira makalata a chikondi okha, n'kulemba:

"Wokondedwa Stafford, Lolemba musachedwe. Ada akubweretsa batala wa kwathu, ndipo ndikufuna mumulawe kuchokera m'manja mwanga. Muvale shati yoyera ija ndimaikonda, ndi nsapato zanu zatsopano. Ndili ndi mawu oti ndikuuzeni pamwamba pa phiri, anthu onse akumva. Ndine wanu, Hilda."

Kalatayo anaibisa m'buku la nyimbo, ndipo m'mawa mwake potuluka m'tchalitchi anasinthana mabuku ndi Stafford monga ankachitira Lamulungu lililonse. Stafford anaiwerengera kuseri kwa mtengo wa mkungudza. Hilda anamuona akumwetulira yekha, n'kupsompsona pepalalo. Anayang'ana kumbali.

*

Lole ya ku Nkhata Bay inafika pamsika dzuwa litangotuluka, matayala ali matope okhaokha. A Solomon Longwe anatsika kutsogolo atavala suti yawo ya ku Joni, chipewa ndi ndodo ya mutu wa mkuwa. Kumbuyo anawatsitsira dengu lalikulu lofundidwa ndi masamba a nthochi. Hilda atavundukula pang'ono, batala anali ng'aning'ani, maso ali mbee, fungo lake la nyanja osati la pamsika.

"Amenewa dzulo anali akusambira," anatero a Longwe. "Ali kuti mnyamata wako?"

Stafford anabwera atagwira dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kuwerama. Shati yake inali mbuu, nsapato zikuwala.

"Monire, bambo."

A Longwe anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kumuyankha m'Chinyanja chawo cha ku migodi.

"Kwanu kuli nyanja, a kalaliki?"

"Kuli madambo okha, bambo."

"Nsomba mumaidziwa?"

"Matemba ouma ndi usipa wa pamsika."

"Imeneyo ndi mitembo ya nsomba. Lero mudya nsomba." Anagogoda pansi ndi ndodo. "Ndamva kuti kwanu mwamuna amangotenga khasu ndi mphasa n'kukakhala kwa apongozi, ana n'kukhala a amalume. Kwathu sititero."

"Ndafunsa mwambo wa kuno, bambo. Chimene mungandiuze ndidzachita. Ngakhale abale anga atakana, ndidzachita."

Hilda anaona kuti yankholo lawafika pamtima bambo ake, ndipo zinamuwawa koposa. Wabodza waluso, anatero mumtima.

A Longwe anati phiri n'la achinyamata, iwo akapumula kwa Winifred, ndiponso akhala sabata yonse kuti akaonetse maso awo kuchipatala. Atachoka, anyamata awiri a kwaya anagwira dengu lija kuti athandizane.

"Lisiyeni," anatero Hilda mokoma. "Anyamula a Chikakuda okha. Nsomba za apongozi sanyamulitsa anthu ena."

Anthu anaseka. Stafford anasekanso, n'kulisenza pamutu monyadira.

*

Anawoloka mtsinje wa Lunyangwa pa mtengo wogonekedwa, n'kuyamba chitunda. Njira yake inali ya anthu otola nkhuni, yopapatiza, ya dothi lofiira loterera ngati sopo. Kwaya inayamba ndi nyimbo za Pasaka, koma pofika m'nkhalango nyimbo zinatha, kunangotsala wefuwefu ndi kukuwa kwa anyani m'mitengo ya ndere.

Madzi a nsomba anayamba kudontha m'dengu. Anatsikira m'khutu mwa Stafford, m'khosi, mpaka pamsana. Shati yoyera ija inasanduka ya mizeremizere ya magazi ndi mamba. Ntchentche zinamupeza. Nsapato zatsopano zinamudya zidendene, ndipo anayamba kutsimphina.

Hilda ankayenda patsogolo pake ndi nsapato za tenesi. Pambali pake panali Macpherson, atavala kabudula wa khaki wosita, masokosi ofika m'mawondo, ambulera m'manja. Pamwala uliwonse ankapereka dzanja, ndipo Hilda ankalilandira n'kuchedwa kulisiya.

"Hilda, tadikira pang'ono," anaitana Stafford.

"Mwatopa kale? Paja a ku Dowa ndinu odziwa khasu ndi mtondo."

Stafford anangoseka. Sanamve chimene chinali m'mawuwo.

Pamalo ena otsetsereka phazi lake linaterereka. Anagwa ndi mawondo onse awiri pamiyala, buluku n'kung'ambika, koma manja sanachoke padengu. Palibe nsomba ndi imodzi yomwe inagwa. Anadzuka yekha, magazi akutsika pamsongolo, n'kuyang'ana Hilda ngati mwana wofuna kuyamikiridwa.

"Zonse zilipo," anatero.

Mtima wa Hilda unagwedezeka. Anatsala pang'ono kubwerera kuti akamupukute bondolo ndi mpango wake. Winifred, amene ankabwera kumbuyo, anamuyang'ana momuchonderera. Koma Hilda anagwira pachifuwa pamene anabisa pepala lija, nalimva kukhakhala kwake.

"Samalani nazo," anatero. "Zimawola msanga."

Anatembenuka n'kugwira mkono wa Macpherson.

*

Anafika pamwamba dzuwa lili paliwombo, nkhungu itangoyalula. Kumadzulo Mzuzu ankaoneka ngati kamudzi ka ana: madenga ochepa a malata a ku boma, bwalo la ndege, mizere ya mitengo ya esiteti, ndi utsi wa ku Ching'ambo. Kum'mawa, kutali kuseri kwa mapiri, kunali kamzere ka buluu. A ku Nkhata Bay onse analoza komweko n'kuyamba kukangana kuti kwawo ndi pati.

Amuna anasonkha moto. Akazi anatumbula batala, n'kumung'amba pamsana, kumuthira mchere, tsabola wa kambuzi wosinja ndi madzi a mandimu, n'kumupanika pa mipani mozungulira makala. Mafuta anayamba kudontha, moto n'kumalira kuti tswii, khungu likuchita matuza a golide. Fungo linadzaza phiri lonse. Anthu anakhala pamiyala, chinangwa chophika chili m'masamba, aliyense maso ali pa mpani wake.

Hilda anasankha batala wamkulu koposa onse. Anamuika patsamba la nthochi, n'kukagwada pamaso pa Stafford, zimene anali asanachitepo pagulu. Anabenthula mnofu woyera wa pamsana, utsi ukutuluka, anachotsa minga ndi zala zake, n'kumupatsa pakamwa. Atsikana a kwaya anakuwa.

"Wakoma?"

Stafford anatsinzina. Mafuta anali akutsika pachibwano chake.

"Chibadwire sindinadyeko chinthu chotere. Akusungunuka yekha palilime."

"Idyani yense. Mumudyere pomwe pano."

Anadya mpaka kunatsala mutu ndi msana wa minga. Kenaka Hilda anabweretsa chikho cha madzi n'kumuthirira.

"Sambani m'manja. Sambitsitsani."

Atatha, Hilda anakwera pamwala waukulu n'kuomba m'manja. Stafford anaimirira, akukonza kolala ya shati yake yothimbirira, nkhope ili ngwee.

"Abale anga," anayamba Hilda, "a Chikakuda adya nsomba pomwe aipeza, ndipo asamba m'manja. Achita zonse monga mwa chiphunzitso chawo. Tsopano imvani chiphunzitsocho."

Anatambasula pepala lija n'kuwerenga mokweza, ndi mawu ake a m'kalasi omwe ankamveka mpaka benchi lomaliza. Sanadumphe liwu. Pofika pa "imawola usanafike", mayi wina wa ku Usisya analavula nsomba imene inali m'kamwa mwake. Pofika pa nsapato za gogoda, kunali zii, moto wokha ukuthetheka.

"Hilda," anatero Stafford, "pepala limenelo..."

"Zilembozi ndi zanu kapena si zanu? Liwu limodzi."

"Tamvera kaye..."

"Ndi zanu kapena ayi?"

"Ndi zanga, koma..."

Mawu otsalawo anamira m'phokoso. Akazi anakuwa, "Soni! Manyazi chomene!" Amuna awiri a ku Bandawe anavula majekete. Wina anaponya mutu wa nsomba, n'kumugenda nawo pachifuwa. Macpherson analowa pakati atatambasula manja ngati mbusa.

"Musamumenye, abale. Manyazi amukwanira."

Apa m'pamene Stafford anasiya kuyesa kulankhula. Anayang'ana Macpherson nthawi yaitali, kenaka Hilda.

"Ndine nsomba, eti?" anatero Hilda. "Chabwino. Nsomba imabwerera kunyanja. Mwamuna wondiyenera ndi wakwathu, wodziwa mtengo wanga." Anatambasula dzanja, ndipo Macpherson anamutsitsa pamwalapo anthu akuomba m'manja.

Stafford anawerama, anavula nsapato zake zatsopano n'kuzisiya pambali pa dengu lopanda kanthu. Anatsika phirilo yekha, wopanda nsapato, osacheuka.

Hilda anadya batala wake mpaka kumumaliza, akuseka nthabwala zonse za Macpherson. Ankayembekeza kuti mtima wake uzizira. Koma nsombayo inangomukhala pakhosi.

*

Lachitatu m'mawa Winifred anabwera kuchokera kumsika ndi envulopu.

"Stafford wandiimitsa pafupi ndi ogulitsa nthochi. Sanandipatse n'moni yemwe. Wangoti, 'Mukampatse mphunzitsi awerenge, popeza amatha kuwerenga mokweza.'"

M'katimo munali kalata ya Edina, mlongo wake wa Stafford. Chidindo cha ku Dowa pa envulopu yake chinali cha Lachinayi, Pasaka isanafike.

"Achimwene, kalata yanu ndalandira. Mawu a amalume aja munandikopera, a nsomba yaiwisi, andichititsa manyazi kwambiri. Munthu wamkulu sangalembe zotere za mwana wa eni ake amene sanamuonepo. Koma yankho lanu landisangalatsa, loti kuli bwino mutaye mudzi kusiyana n'kutaya Hilda. Amalume akwiya, akuti akupezerani kale mkazi kwa a Msakambewa. Musagonje. Mundiperekere moni kwa alamu anga."

Hilda anawerenga kamodzi kokha. Anakhala pansi pomwepo, pa simenti yozizira.

Nthawi ya nkhomaliro anakaima pansi pa mitengo ya bulugamu kunja kwa maofesi a boma. Makalaliki potuluka ankagwirana zigongono n'kumanong'ona. Stafford anatuluka pomaliza akukankha njinga, atavala nsapato zakale, akutsimphinabe.

"Stafford."

"Miss Longwe."

"Sindinkadziwa."

"Sunafunse." Anaimika njinga. "Kalata ija inali ya masamba atatu. Loyamba ndinalemba kuti amalume andilembera zonyansa. Lachiwiri ndinakopera zonyansazo. Lachitatu ndinalemba yankho langa. Lachiwirilo linadontheredwa inki, ndinalitaya n'kulembanso lina. Mnzanga wa nyumba imodzi analitola. Pa atatuwo anadziwa loyenera kukupatsa."

"Ndikhululukireni. Ndipita kwa aliyense amene anali pa phiri paja, khomo ndi khomo, ndikawauze."

"Ukawauze chiyani? Ukudziwa dzina limene andipatsa mu ofesi muno? Batala. Ngakhale amesenjala akunditchula choncho. Dzulo ndinapeza mutu wa nsomba m'dirowa yanga." Anapisa m'thumba n'kutulutsa fomu ya telegalamu yolembedwa kale. "Werenga. Mokweza ngati ukufuna."

Panali mawu asanu okha, opita kwa amalume ake ku Dowa: NDAVOMERA MKAZI MWANDISANKHIRA UJA. STAFFORD.

"Simukumudziwa n'komwe mkazi ameneyo!"

"Iwe ndinkakudziwa. Zandithandiza chiyani? Ndidzabwera naye kuno ku Mzuzu, Hilda. Adzakhala benchi la kutsogolo kwako m'tchalitchi Lamulungu lililonse. Udzaimba pa ukwati wanga, paja uli m'kwaya."

"Musatumize. Chonde. Ndipatseni tsiku limodzi lokha."

"Iwe unandipatsa liwu limodzi." Anapinda fomuyo n'kuibwezera m'thumba. "Positi amatseka folo koloko. Ndikaweruka ndidzera komweko."

Anakwera njinga n'kupita. Hilda anatsala ataima, misozi ikutsika. Koma pobwerera ku Ching'ambo misozi inauma panjira, ndipo m'malo mwake munabwera chinthu china chotentha. Njira yonse ankatchula dzina limodzi pansipansi, dzina la Macpherson Nkhwazi.

*

Pakhomo anapezapo njinga zitatu zachilendo. Pansi pa mtengo wa mapeyala panakhala Macpherson atavala suti yakuda, mwendo pa unzake. Atamuona anaimirira n'kuvula chipewa. Hilda anazungulira kuseri kwa nyumba.

Winifred anamugwira mkono pakhomo la khitchini.

"Kwabwera a Zebedee, abambo ake aang'ono a Macpherson, ndi akazi awo. Abweretsa chikole. Ada avomera kale, Hilda. Akuti unasankha wekha pamaso pa anthu makumi atatu, ndipo mawu a Longwe sabwerera. Chatsala n'kukufunsa iwe. Lowa ukawaonetse kalata ya Edina, zithere pomwepa."

Hilda anasuzumira pazenera. Macpherson anali akupukuta nsapato yake ndi mpango, akuimba kamluzu.

"Zithere pomwepa?" anatero motsitsa mawu. "Ndikakana lero, akwera njinga n'kupita kwawo, anthu anayi okha n'kudziwa. Mawa adzakhala ali mu ofesi akuseka. Ayi, Winnie. Stafford wapita, pofika folo koloko akhala mwamuna wa munthu wina. Ndatsala ndi ameneyu basi. Asoketse suti. Aitane Chintheche yonse, Bandawe yonse. Abusa alengeze koyamba, alengeze kachiwiri. Kachitatuko, akadzafunsa ngati pali wina wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwu, ndidzaimirira ndine mwini wake, masamba onse a nkhaniyi ali m'manja."

"Mwe! Phiri lija silinakuphunzitse kanthu?"

"Landiphunzitsa kuloza munthu woyenera."

Anamanga chitenje, anapukuta kumaso, n'kulowa pabalaza chogwada. A Longwe anali pampando wa ndalema, ndodo ili pamiyendo. Patebulo panali mbale yoyera, ndipo m'mbalemo munali mpango wa silika ndi wotchi ya pamkono ya chikazi.

A Zebedee anakonza kukhosi.

"Mwana wathu, tabwera m'dzina la Macpherson. Ada ako atilandira bwino. Koma mwambo umati tifunse mwini wake. Mnyamata ameneyu ukumudziwa?"

"Ndikumudziwa," anayankha Hilda. "Ndikumudziwa chomene."

"Ngati ndi choncho, tola chimene chili m'mbalemo."

Hilda anatambasula manja onse awiri n'kutola.

Nthawi yomweyo njinga ina inali itangoima pampanda wa nyumbayo. Stafford anali atapempha kuweruka msanga. Anafika mpaka pakhomo la positi, anaima pamzere, koma itakwana nthawi yake anauza wa kumbuyo kwake kuti atsogole, n'kutuluka. Anapalasa njinga mpaka ku Ching'ambo ndi bondo lotupa, akukonza mumtima mawu oti anene: kuti wakwiya, kuti adzakwiyabe kwa nthawi yaitali, koma kuti telegalamu ija sanatumize.

Asanatsegule kachitseko ka mpanda, nthungululu inaphulika m'nyumbamo. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Anaona Hilda atagwada, akazi a a Zebedee akumumanga wotchi pamkono, a Longwe akugwirana chanza ndi alendo. Hilda sanali kulira. Ankamwetulira.

Macpherson anabwera kumpanda manja ali m'thumba.

"Wachedwa pang'ono, Batala," anatero. "Koma khadi la ukwati udzalandira."

Stafford anayang'ana wotchi yake. Kunatsala mphindi makumi awiri kuti folo koloko ikwane. Anatembenuza njinga, n'kupalasa choimirira kulowera kupositi.